Pa Boma Timabwerekana Kompyuta, Timabwerekananso Mavairasi

Ku Mchinji Boma anthu amene ali ndi kompyuta yawoyawo ndi owerengeka, koma amene zinthu zawo zimadutsa pa kompyuta ndi ambirimbiri. Mnyamata wofuna malo ku yunivesite, mtsikana wofunsira ntchito ya unamwino, mphunzitsi wotayipa mayeso otsekera teremu, mlembi wa gulu la alimi a soya ndi mtedza, ejenti wolembera amalonda mapepala a katundu ku chipata cholowera ku Zambia, onsewa amakathera pa makina omwewo: m'timashopu totayipa ndi kupanga fotokope, kapena pa laputopu imodzi ya mu ofesi imene pasiwedi yake amaidziwa ngakhale mesenjala.

Malangizo ambiri oteteza kompyuta ku mavairasi a pa imelo ndi ku makalata achinyengo analembedwera munthu amene ali ndi makina akeake komanso intaneti yosatha. Ife sitili choncho. Kwathu kuno kompyuta ndi yobwerekana, choncho chitetezo chake sichingasiyidwe m'manja mwa munthu amene wangokhalapo mphindi khumi kuti atumize CV. Maganizo anga ndi akuti udindo waukulu uli pa eni makina obwerekanawo ndi pa maofesi amene amatilembera maimelo. Ife ogwiritsa ntchito tili ndi gawo lathu, ndipo ndilitchula, koma tisamanamizane kuti vuto lonse ndi umbuli wa kasitomala.

Vairasi imadikira chala chanu

Ambiri timaganiza kuti vairasi imagwira kompyuta ngati chimfine, mosadziwika kumene chachokera. Pa imelo sizikhala choncho. Kungowerenga uthenga kawirikawiri sikuwononga kanthu. Choopsa chimakhala m'zinthu ziwiri: fayilo imene aimata ku uthengawo, ndi linki imene akukupemphani kuti mudine. Zonsezi sizigwira ntchito mpaka inu mutazikhudza.

Mu May 2000 imelo ina yochokera ku Manila, m'dziko la Philippines, inazungulira dziko lonse m'masiku ochepa chabe. Mutu wake unali ILOVEYOU, ndipo inali ndi fayilo yooneka ngati kalata yachikondi. Dzina lenileni la fayiloyo linkathera ndi .TXT.vbs, koma Windows inkabisa kachidutswa komalizako, motero munthu ankangoona .TXT n'kuganiza kuti ndi kalata wamba. Akaitsegula, pulogalamu yobisikayo inkawononga zithunzi ndi mafayilo ena, kenako n'kudzitumiza yokha kwa aliyense amene anali m'buku la maadiresi la munthuyo. Mphamvu yake inali pamenepo. Uthengawo unkafika m'dzina la munthu amene umamudziwa: mnzako wa ku ntchito, mlamu wako, abwana ako. Zaka zoposa 20 zadutsa, koma mpaka lero Windows imabisabe kachidutswa komaliza ka dzina la fayilo pokhapokha mwini wake atailamula kuti izionetsa.

Masiku ano kalata yachikondi ija inasintha malaya. Kwa ife imabwera ngati mndandanda wa mayina a oitanidwa ku intavyu, fomu ya sikolashipu ya kunja, kapena invoisi ya katundu. Njira zake ndi zitatu zodziwika. Yoyamba ndi fayilo ya Word kapena Excel imene ukaitsegula imaonetsa kamzere kachikasu kokupempha kuti udine batani lolembedwa Enable Content. Batani limenelo limalola timapulogalamu tobisika m'fayilomo kuyamba kugwira ntchito. Mu 2022 Microsoft inayamba kutseka njira imeneyi pa mafayilo ochokera pa intaneti, koma Office 2007 ndi Office 2010 zimene zadzaza m'makina athu sizinalandire kusinthaku. Yachiwiri ndi fayilo ya zip yotsekedwa ndi pasiwedi, pasiwediyo ataitchula mu imelo momwemo. Amaitseka kuti Gmail ilephere kusuzumira m'kati mwake. Yachitatu sifunanso vairasi: ndi linki yokutengera pa tsamba lofanana ndendende ndi la Gmail kapena la Facebook, lokuuza kuti ulembenso pasiwedi yako. Ukalemba, wapereka makiyi a nyumba ndi manja ako.

Khoka silisankha nsomba

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri: ine ndine wosauka, ndani angataye nthawi kundibera? Funso limeneli lili ndi nzeru, koma likuganiza kuti wakubayo anakhala pansi n'kusankha inu. Sanakusankheni. Maimelo a zinyalala, amene Gmail imawataya m'bokosi lolembedwa Spam, ndi khoka. Mbiri yake ndi yakale: mu 1978 munthu wina wotsatsa malonda a kampani ya makompyuta ku United States, Gary Thuerk, anatumiza uthenga umodzi kwa anthu mazana angapo nthawi imodzi, asanawapemphe. Chimene anaona iye ndi chimene akathyali akudalira mpaka lero. Kutumiza uthenga kwa anthu ochuluka sikuwononga ndalama zambiri kuposa kutumiza kwa munthu mmodzi. Ngakhale ambiri asayankhe, ochepa amene akodwa ndi okwanira kubweza mtengo wa khokalo.

Njira imeneyi ife timaidziwa kale pa foni. Ndani sanalandirepo uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ina ija ili ndi vuto? Wotumizayo sadziwa ngati mukuyembekezeka kutumiza ndalama. Akungodziwa kuti mwa anthu ambiri amene awerenge uthengawo, alipo wina amene ali pa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba panthawi yomweyo, akukonzekera kulipira mwini nyumba. Mu 2018 tonse tinakalembetsa nambala zathu za foni ndi chiphaso cha unzika, koma uthenga uja sunathe. Imelo yachinyengo ndi mchimwene wake wa uthenga umenewu, kungoti yavala tayi ndipo ikulankhula Chingerezi.

Komanso si zoona kuti mu imelo ya munthu wosauka mulibe kanthu. Ngati muli ndi foni ya Android, adiresi ya Gmail ija ndiyo imasunga manambala a anthu anu, ndipo mwina zithunzi zanunso. Ukaiwala pasiwedi ya Facebook, uthenga wokonzera umapita ku imelo. M'bokosi la zimene munatumiza muli chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika, satifiketi ya MSCE, ndi CV yokhala ndi tsiku lanu lobadwa, mudzi wanu ndi mfumu yanu. Munthu amene watenga zonsezi angathe kulembera achibale anu a ku Joni m'dzina lanu kuti mwagonekedwa m'chipatala ndipo pakufunika ndalama mwamsanga. Chimene akuba kwa wosauka ndi dzina lake, chifukwa dzinalo anthu amalikhulupirira.

Ulendo wa vairasi pa Boma

Tsopano taganizirani zonsezi pa makina amene anthu makumi angapo amawagwiritsa ntchito tsiku limodzi. Tchuthi chapitachi ndinaima pamzere mu shopu ina yotayipa pa Boma. Mayi amene anali kutsogolo kwanga anatulutsa kapepala kolembedwa adiresi ya imelo ndi pasiwedi, n'kupatsa mnyamata wa pa kompyuta kuti awatsegulire. Tsamba la Gmail litatseguka, panaoneka mndandanda wa maakaunti a anthu ena amene anakhalapo kale. Pofunafuna fayilo yoti apulinte, mnyamatayo anadutsa m'foda ya Downloads, ndipo tonse amene tinali pamzerepo tinaona ziphaso, masatifiketi ndi makalata a anthu osawadziwa akudutsa pa sikirini. Palibe amene anali ndi cholinga choipa. Mnyamatayo ankangothandiza, ndipo mayiwo analibe njira ina.

Pa makina oterowo, kasitomala mmodzi akatsegula fayilo yoipa, vuto silipita naye kwawo. Limatsala pamenepo kudikira wotsatira. Mavairasi ena amalemba mwakachetechete chilichonse chimene munthu akutayipa, kuphatikizapo mapasiwedi. Ena amakoka mapasiwedi amene anasungidwa mu Chrome pamene wina anavomera kafunso koti asunge pasiwedi. Enanso amadumphira pa fulashi iliyonse imene yalowetsedwa. Aliyense wa ife anaonapo fulashi imene mafoda ake onse asanduka ma shortcut. Vairasi imeneyi imabisa mafayilo enieni n'kuika timivi m'malo mwake, ndipo ukadina kamuvi kamodzi pa kompyuta ina, nayonso yatenga. Anthu ambiri amathamangira kufomata fulashiyo poganiza kuti zonse zapita, pamene mafayilo alimo, angobisidwa.

Fulashi imeneyo mawa ili ku ofesi ya sukulu kumene akutayipa mayeso. Mkuja ili pa laputopu ya mlembi wa tchalitchi, kenako pa kompyuta ya ejenti wa ku chipata. Mchinji Boma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12 kuchokera ku malire, ndipo kuyambira mu December 2022, pamene Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegulira chipata cha Mchinji ndi Mwami choyendetsera zonse pamalo amodzi, cholinga chakhala chakuti katundu azidutsa msanga. Mapepala a katunduyo amalembedwa pa kompyuta ndipo ambiri amayenda pa imelo pakati pa Lilongwe, Mchinji ndi Chipata. Makina a ejenti akafa tsiku limodzi, thiraki imagona pamalire, ndipo mwini katundu ndi amene amalipira.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kuuza mayi uja kuti asamale n'kosakwanira. Iye salamulira makinawo. Sadziwa ngati ali ndi vairasi, sangawakonze, ndipo tsiku lomaliza kutumiza kalata yofunsira ntchito ndi lero. Amene angasinthe zinthu ndi mwini shopu.

Antivirus si chithumwa

Eni mashopu ambiri adzayankha kuti makina awo ali ndi antivirus. Ena ali nazo ziwiri kapena zitatu pa kompyuta imodzi, zikulimbana zokhazokha mpaka makina akuyenda ngati ngolo yodzaza chimanga. Koma antivirus imadziwa mavairasi amene inauzidwa. Ngati inalandira uthenga womaliza chaka chatha, ili ngati mlonda amene wanyamula zithunzi za mbava zakale pamene zatsopano zikudutsa pamaso pake. Choipa kwambiri n'chakuti antivirus zambiri za m'makina athu ndi zothyoledwa, zotengedwa pa masamba okayikitsa pamodzi ndi kapulogalamu kozitsegulira kwaulere. Timapulogalamu totero ndi njira yodziwika bwino yolowetsera mavairasi. Windows 10 ndi Windows 11 zimabwera ndi chitetezo chakechake, Microsoft Defender, chosalipiritsa, koma amisiri ena amachizimitsa dala chifukwa chimakana mapulogalamu othyoledwa aja.

Kenako pali nkhani ya ma update. Pafupifupi kompyuta iliyonse imene ndaigwirapo pa Boma inazimitsidwa ma update kuti isadye bandulo. Mu May 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko oposa 150, ndipo zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala chifukwa mafayilo sankatseguka. Vairasi imeneyo sinkadikira n'komwe kuti munthu atsegule imelo. Inkadutsa pa bowo lina la mu Windows. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowolo mu March chaka chomwecho, miyezi iwiri m'mbuyo. Amene anagwidwa ndi amene sanachiike. Windows 7, imene idakalipo m'mashopu ndi m'maofesi ambiri kwathu kuno, Microsoft inasiya kuikonza pa 14 January 2020, ndipo tsiku limene inaika loti isiye kukonza Windows 10 mwachizolowezi ndi 14 October 2025. Bowo latsopano likapezeka pa makina oterowo, limakhala lotsegula mpaka kalekale.

Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, ndipo sindinyoza wophunzira amene amazimitsa ma update kuti atsale ndi intaneti yotsitsira manotsi. Koma kwa munthu amene akulipiritsa anthu pa tsamba lililonse lopulinta, bandulo yokonzera makina ndi mbali ya mtengo wa bizinesi, monga inki ndi mapepala. Mabandulo a usiku ndi otsikirapo mtengo, ndipo usiku umodzi kapena uwiri pa mwezi ndi wokwanira. Wogulitsa nyama amene satsuka mpeni sitimumvera chisoni kuti sopo wakwera mtengo.

Zikagwera akuluakulu

Wina angaganize kuti izi ndi nkhani za timashopu. Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira mapasipoti a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko muno anaima kwa masabata angapo. Mu February chaka chimenecho mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena anathyola makinawo ndipo ankafuna dipo, ndi kuti boma silipereka. Amene anavutika anali anthu wamba: ofuna kukaoda katundu kunja, ophunzira opeza malo m'mayiko ena, odwala ofuna chithandizo. Kutsidya kwa malire, mu May 2022, Bank of Zambia inakumana ndi gulu lotchedwa Hive, limene linkatseka mafayilo a mabungwe n'kumafuna ndalama, ndipo bankiyo nayonso inakana kulipira.

Mtundu umenewu wa vairasi, wotseka mafayilo n'kufuna dipo, susankha kukula kwa ofesi. Boma ndi banki yaikulu ali ndi akatswiri oti adzutse makina. Gulu la alimi ku Mkanda kapena ku Kapiri, limene kaundula wake yense wa mamembala, ngongole za mbewu ndi matumba amene aliyense anabweretsa zili pa laputopu imodzi, lilibe woliyimirira. Likataya fayilo imeneyo, lataya umboni wa amene anabweza ngongole ndi amene sanabweze, ndipo chotsatira ndi milandu kwa amfumu. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kope lachiwiri la mafayilo ofunika, losungidwa pa fulashi kapena hadi disiki imene sikhala yolumikizidwa ku makinawo, komanso lina pa Google Drive. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Maofesi amene amatiphunzitsa kukhulupirira bodza

Gulu lachiwiri limene ndikulipatsa udindo ndi maofesi. Langizo loyamba limene aliyense amapatsidwa ndi lakuti ayang'ane adiresi ya amene watumiza imelo. Langizoli ndi labwino. Maadiresi a boma amathera ndi gov.mw, a mayunivesite athu amathera ndi ac.mw, ndipo munthu wamba sangangodzuka n'kudzipangira adiresi yotero. Koma adiresi ya Gmail aliyense angaipange m'mphindi zisanu, n'kuipatsa dzina la bungwe lililonse limene wafuna.

Vuto n'lakuti maofesi enieni ambiri, a boma ndi a mabungwe omwe, amalemba makalata a ntchito kuchokera pa Gmail kapena Yahoo. Amalengeza ntchito n'kuuza anthu kuti atumize ziphaso zawo ku adiresi ya Gmail. Akatero akuphunzitsa boma lonse la Mchinji kuti kalata yeniyeni imaoneka choncho. Tsiku limene kathyali adzalembe kuchokera ku adiresi yofanana nayo, atangosintha chilembo chimodzi, n'kunena kuti mwasankhidwa koma mutumize kandalama kolembetsera pa foni, wofuna ntchito uja adzasiyanitsa bwanji? Tikamuseka kuti anapusitsidwa, tikuiwala amene anamuzoloweretsa.

Chizolowezi china ndi chotumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri maadiresi onse ali poyera. Aliyense wolandira amaona maadiresi a anzake onse, ndipo kompyuta ya mmodzi wa iwo ikakhala ndi vairasi, mndandanda wonse wapita m'khoka. Mu imelo iliyonse muli kabokosi kolembedwa Bcc kamene kamabisa maadiresi amenewa. Kugwiritsa ntchito kabokosiko sikulira tambala.

Amalonda nawonso amve izi. Pakati pa 2013 ndi 2015 munthu wina wa ku Lithuania, Evaldas Rimasauskas, analembetsa kampani yokhala ndi dzina lofanana ndi la Quanta Computer ya ku Taiwan, imene inkagulitsa zipangizo kwa Google ndi Facebook. Anatumiza ma invoisi abodza pa imelo, ndipo makampani awiriwo analipira ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Mu 2019 khoti la ku New York linamulamula kukhala m'ndende zaka 5. Panalibe vairasi, panalibe kuthyola makina. Panali imelo yooneka ngati yochokera kwa munthu amene ankachita naye malonda kale. Ngati zinatheka ku Google, zingatheke kwa wogula soya wa ku Kamwendo amene walandira imelo yakuti kampani ya mathiraki yasintha nambala ya akaunti ya ku banki. Uthenga uliwonse wosintha kumene ndalama zikupita uyenera kutsimikizidwa ndi foni, pa nambala imene munali nayo kale, osati imene yalembedwa mu imelomo. Safunsa anadya phula.

Zimene aliyense angachite

Mwini shopu ayambe ndi zinthu zosafuna ndalama. Makasitomala azigwiritsa ntchito akaunti wamba ya pa Windows, yopanda mphamvu yoika mapulogalamu, pamene akaunti yaikulu ikhale ndi pasiwedi yodziwa mwini yekha. Chrome iletsedwe kusunga mapasiwedi. Foda ya Downloads ifafanizidwe madzulo aliwonse, pamodzi ndi zotsalira m'kabini ka zinyalala. Windows ilamulidwe kuonetsa mayina athunthu a mafayilo, kuti fayilo yotchedwa invoisi.pdf.exe ioneke chimene ili. Antivirus ikhale imodzi yokha, yolandira ma update. Ndipo mnyamata wa pa kompyuta aphunzitsidwe kukana kapepala ka pasiwedi: atembenuzire kiyibodi kwa kasitomala, amusonyeze pomwe alembe, ndipo akamaliza aonetsetse kuti watuluka mu akauntiyo ndi kuichotsa pa mndandanda. Shopu imene ingalembe pakhomo kuti kuno sitisunga ziphaso zanu ndikukhulupirira kuti ingakoke makasitomala kuposa yoyandikana nayo.

Ofesi igwiritse ntchito adiresi ya bungwe lake polemba makalata a ntchito, ndipo polengeza ntchito izinena poyera kuti palibe ndalama iliyonse yolipira. Fulashi yochokera kunja isalowe pa kompyuta imene ikusunga kaundula wa malipiro kapena wa odwala. Kope lachiwiri lipangidwe Lachisanu lililonse, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene udindowo ndi wake.

Kwa ife makasitomala, njira yotetezeka kwambiri ndi kusatsegula n'komwe imelo pa makina a eni ake. Ngati muli ndi foni ya intaneti, tsitsirani fayiloyo pa foni, muitumize kwa mwini shopu pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, ndipo akapulinta mumupemphe aifafanize inu mukuona. Ngati palibe kuchitira mwina, tsegulani zenera la Incognito, tulukani mu akaunti mukamaliza, ndipo musinthe pasiwedi pa foni yanu tsiku lomwelo. Yatsani chitetezo chachiwiri cha Google chimene chimafuna kuti muvomereze pa foni yanu munthu akamalowa pa makina achilendo. Pamenepo ngakhale wakuba pasiwedi amaima pakhomo. Pasiwedi ya imelo isafanane ndi ya Facebook, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa, chimene chalembedwa pa CV pomwepo.

Imelo yachinyengo musaiyankhe, ngakhale poitukwana, chifukwa yankho limauza wotumizayo kuti adiresiyo ili ndi mwini wake wamoyo. Pa chifukwa chomwecho musadine linki yoti musiye kulandira mauthenga ngati wotumizayo simukumudziwa. Dinani batani loiponya ku Spam, chifukwa limathandiza Gmail kuzindikira uthenga womwewo ukamapita kwa ena. Koma ngati mukudikira yankho la ntchito kapena la sukulu, suzumirani m'bokosi la Spam sabata iliyonse, popeza makalata enieni amasocheranso kumeneko ndipo Gmail imawafafaniza pakadutsa masiku 30. Koposa zonse, kayikirani uthenga wokufulumizitsani. Mawu akuti yankhani lero lomwe, akaunti yanu itsekedwa mawa, malo atsala awiri okha, amaikidwa dala kuti musapeze mpata wofunsa munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulo lilipo, koma lili kutali

Malamulo tili nawo. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limaletsa kuthyola makina a ena, kufalitsa vairasi mwadala ndi kutumiza mauthenga a zinyalala, ndipo linakhazikitsa gulu loona za ngozi za pa makompyuta pansi pa bungwe la MACRA. Mu 2024 panabweranso lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act, limene likupereka udindo kwa amene akusunga uthenga wa ena kuti ausamale. Izi ndi zabwino, ndipo tili patsogolo poyerekeza ndi Philippines ya mu 2000, kumene wopanga ILOVEYOU sanaimbidwe mlandu chifukwa panalibe lamulo lomugwira. Koma lamulo limabwera zinthu zitaonongeka kale, ndipo wotumiza imelo yoipa nthawi zambiri ali kutsidya kwa nyanja kumene wapolisi wa ku Mchinji sangafike. MACRA ikafuna kuti uthenga wake ufike kwa anthu, isathere m'mahotela a ku Lilongwe, makilomita oposa 100 kuchokera kuno. Iyitane eni mashopu otayipa a pa Boma, a ku Kamwendo ndi a ku Waliranji, iwaphunzitse kwa tsiku limodzi m'Chichewa. Mwini shopu mmodzi wophunzitsidwa amateteza anthu onse amene adzakhale pa mpando wake chaka chonse.

Ifenso ophunzira a m'mayunivesite tisadzichotse. Tikabwera ku tchuthi ndife amene timatumidwa kutsegulira msuweni imelo, kulembera amalume fomu, kukonza laputopu ya abusa. Nthawi zambiri timangochita mwachangu, pasiwedi n'kukhala dzina la munthuyo ndi 123, n'kubwerera ku Zomba kapena ku Bunda. Tikatsegulira munthu akaunti, timuyatsirenso chitetezo chachiwiri pa nambala yake, osati yathu. Timusonyeze pomwe adiresi ya wotumiza imaonekera ndi pomwe pali batani lotulukira. Tikalowa mu shopu n'kuona maakaunti a anthu ali mbwee pa sikirini, timuuze mwini wake mwaulemu, ndipo ngati avomera tikonze naye pomwepo. Zimatenga mphindi 15, ndipo amene adzakhale pa mpandowo mawa angakhale mlongo wanu akutumiza chiphaso chake.